Batire Linalibe Mlandu

Kwa nthawi yaitali, aliyense wondifunsa za chipsera chomwe chili pansi pa diso lakumanzere la mwana wanga ndinkamuyankha mofanana: anandigulitsa batire lafeki ku Lilongwe, ndipo linaphulika lokha. Anzanga a pa siteji anakhulupirira, apongozi anga anakhulupirira, ndipo alipo ena amene mpaka lero amalambalala shopu imeneyo chifukwa cha mawu anga. Limenelo ndi bodza. Batirelo linali labwinobwino, ndipo wogulitsayo anandiuza zonse zoyenera kuchita. Lero ndikufuna ndinene mmene zinayenderadi.

Ndine wa kabaza ku Dedza. Njinga yanga ndi ya 125cc, mwa zija zimalowa kudzera ku Mozambique, ndipo ndinaigula kwa munthu itayendapo kale. Ndimanyamula amayi obwera ndi mbatatesi ndi kabichi kuchokera ku Bembeke, aphunzitsi othamangira belu, odwala opita kuchipatala, ndi aliyense wotsika minibasi pamsewu wa M1 amene kwawo ndi kutali ndi tala. Ndalama ya kabaza imapezeka mbandakucha ndi madzulo kukamada. Masana timangothamangitsana ndi mthunzi pa siteji.

Chaka cha 2022 chinatiwawa tonse. Mu January namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi 130 MW. Kuchokera pamenepo magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo nthawi yobwera sinkadziwika bwino. Kumapeto kwa May ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Chitsulo chilichonse cha njinga yamoto chimachokera kunja, kotero tcheni, matayala, mapulagi, mababu, zonse zinakwera mtengo nthawi imodzi. Kenako June anafika ndi chisanu cha ku Dedza, chija chimaumitsa zala ngakhale uvale magolovesi.

Ndi m'mawa wa chisanu chimenecho pamene sitata inayamba kukana. Ukadina batani, inkangoti tche tche, basi. Ndi kiki njinga inkalira ndithu, koma hutala inkamveka motsitsa kwambiri, maindiketa sankaphethira, ndipo nyali yakutsogolo inkawala pokhapokha ukakoka mafuta. M'nkhungu ya m'mawa, m'misewu yafumbi yodutsa ana asukulu ndi ngolo, kuyenda wopanda hutala ndi nyali yodalirika ndi kuika moyo wa kasitomala pachiswe. Anzanga atamva kulira kwa sitatayo anagamula nthawi yomweyo.

"Aise, batire lapita ilo. Kagule lina, usataye nthawi."

Palibe anafunsa chimene chinalipha, ndipo ine sindinadzifunsenso. Chikhalirecho zizindikiro ndinali nazo. Kwa miyezi ingapo babu lakutsogolo linkapsa pafupipafupi, ine n'kumati mababu a masiku ano ndi osalimba. Madzi a m'batire ankauma msanga kuposa a anzanga, ine n'kumangowonjezera. Zinthu ziwirizi sindinaziganizire kuti zili ndi gwero limodzi.

Ndalama ndinalibe. Akazi anga amagulitsa mandasi ndi tomato, ndipo ali m'gulu la banki m'khonde la amayi a kutchalitchi. Ndi iwo anakatenga ngongole m'dzina lawo. Pondipatsa anati, "Bambo, ndalamayi ndi ya gulu, mwezi ukatha ikufunika ndi chiwongoladzanja chake. Mukagule chinthu chokhalitsa." Mawu akuti mwezi ukatha anandikhala m'mutu. Kuyambira nthawi imeneyo ndinkawerengera ola lililonse lomwe njinga yaima ngati ndalama yotayika, ndipo zonse zomwe ndinachita pambuyo pake zinachokera pa kuwerengera kumeneko.

Ku Dedza mabatire analipo, koma ndinamva kuti ku Lilongwe ndi otchipirapo. Ndinakwera minibasi, mtunda wa makilomita pafupifupi 85, n'kukatsika ku depoti. M'mashopu a zitsulo za njinga a cha ku Malangalanga ndinayenda kufunsa mitengo mpaka ndinaima pa shopu ina ya bambo wodekha, wolankhula pang'onopang'ono. Anandiikira mabatire awiri pa kauntala. Loyamba linali lakuda, lotsekeratu, losafuna kuthira kanthu. Lachiwiri linali loyera, loonekera m'kati, lolembedwa 12N5-3B, ndipo linabwera ndi botolo la asidi pambali. Lachiwirili ndi lomwe ndalama yanga inkakwana, n'kutsalako yokwerera minibasi.

"Achimwene," anatero akulilongedza m'katoni, "ili ndi louma, silinathiridwe kanthu. Musanathire asidi muchotse kachitsekerero kofiira aka kali m'mbalika, muikepo kapaipi aka. Mukathira mulisiye kaye likhale, lizizire. Kenako mukalitchajitse ndi moto wochepa, usiku wonse. Musakaliike pa tchaja ya galimoto. Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

Ndinamva mawu awiri okha, thirani ndi tchajani. Maso anga anali pa wotchi ya pakhoma, mtima uli pa minibasi yobwerera. M'katonimo munalinso pepala la malangizo lokhala ndi zithunzi. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, Chingerezi cha papepala lotere ndimatha kuchitola. Sindinalitambasule n'komwe.

Ndinafika kunyumba dzuwa litalowa, magetsi kulibe. Ndinayala thumba pansi pabalaza n'kuyamba ntchito ndi kuwala kwa foni. Kwa amene sanaonepo m'kati mwa batire lotere: lili ndi zipinda 6, chilichonse chili ndi kachitsekerero kake pamwamba, ndipo chilichonse chimapereka mphamvu yopitirira pang'ono 2V. Zonse pamodzi ndi zomwe timati 12V. M'zipindamo muli mapuleti a mtovu, ndipo mphamvu imabadwa mapuletiwo akakumana ndi asidi, amene dzina lake ndi sulfuric acid wosakaniza ndi madzi. Kunja kuli mizere iwiri, wam'mwamba ndi wam'munsi, ndipo asidi amayenera kulekezera pa wam'mwambawo. Kapaipi kaja ndinakaona, ndinaganiza kuti ndi kothirira, ndipo ndinakagwiritsadi ntchito imeneyo. Kachitsekerero kofiira ndinakaonanso. Ndinakagwira ndi zala, n'kuganiza kuti ndikakachotsa asidi azitayika m'mabampu. Ndinakasiya pomwepo.

Ndikumaliza kutseka chipinda chomaliza, babu la pabalaza linayaka. Ana panja anakuwa kuti abwera, monga ankachitira masiku amenewo. Batire linali lofunda m'manja, timathovu tikukwera m'zipinda zonse, chifukwa mapuleti anali akumwabe asidi. Imeneyo ndi nthawi yomwe limayenera kusiyidwa kwa mphindi 30 kapena ola lathunthu, zitsekerero zili zotsegula. Ine ndinaona kuti magetsi abwera ndipo sindikudziwa kuti akhala nthawi yotani. Ndinalikulunga m'thumba n'kuthamanga.

Pamsika wathu pali mnyamata wotchaja mabatire. Makasitomala ake ndi anthu a m'midzi amene amaonera kanema ndi kumvera wailesi pa batire la galimoto, komanso ometa tsitsi. Tchaja yake ndi yaikulu, ya bokosi lachitsulo, ili ndi muvi wosonyeza mphamvu yomwe ikulowa. Usiku umenewo panali mzere wa mabatire akuluakulu odikira kuyambira m'mawa. Ataona langa anapukusa mutu.

"Bigi, tating'ono iti sindimaika apa. Tchajayi ndi ya mabatire a galimoto, ikhoza kukuwotcherani."

Ndinamuchonderera. Ndinamuuza za ngongole, za makasitomala anga a m'mawa amene ayamba kukwera kwa ena. Ndinamuwonjezera ndalama kuti langa lidumphe mzere. "Ingoliika pa mphamvu, ola limodzi lokha, magetsiwa angathe kuzima." Anakana kawiri, kachitatu anavomera monyinyirika, n'kunena kuti zikavuta ndisadzamunene. Ndikulemba izi kuti zidziwike kuti nayenso anandichenjeza.

Atalumikiza, muvi unalumpha n'kukaima pafupi ndi 10. Nthawi imeneyo nambalayo inandisangalatsa. Lero ndikudziwa tanthauzo lake. Nambala 5 ya pa 12N5-3B imaimira 5Ah, kukula kwa nkhokwe ya batirelo. Lamulo la mabatire a asidi ndi lakuti potchaja uzilowetsa gawo limodzi mwa magawo 10 a nambala imeneyo, kutanthauza 0.5A, kwa maola pafupifupi 10. Batire la galimoto limakhala la 50Ah kapena 70Ah, n'chifukwa chake 5A kapena 7A silimva kanthu. Langa linkalandira mphamvu yochuluka pafupifupi ka 20 kuposa muyezo wake. Mphamvu yomwe mapuleti alephera kusunga sisowa kolowera. Ina imasanduka kutentha, ina imaphwanya madzi a mu asidi kukhala mipweya iwiri, hydrogen ndi oxygen. Hydrogen alibe mtundu, alibe fungo, ndipo akangofika magawo 4 pa 100 alionse a mpweya, kamoto kakang'ono kamakwana kumuyatsa. Kabowo ka m'mbali komwe kanali ndi kachitsekerero kofiira kaja ntchito yake ndi kutulutsa mpweya umenewu. Ine ndinali nditakasiya kotseka.

Batire linayamba kuwira moti unkamva ndi makutu. Mnyamata uja analikhudza n'kubweza dzanja. "Latentha kwambiri ili, tilichotse." Ine ndinati lisiyeni pang'ono, ndiye kuti likulowa bwino. Amene anathetsa mkanganowo ndi magetsi, omwe anazimanso. Pomalinyamula ndinamva kuti m'mbali mwake mwatukuka, koma mumdimamo ndinadziuza kuti ndi mmene linapangidwira. Ndinabwerera kunyumba nditalikumbatira pamimba, likundifunditsa m'chisanu, mtima uli m'malo kuti mawa ndidzuka pa ntchito.

Apa ndi pomwe pamandivuta kunena.

Kunyumba zitseko ndi mawindo zinali zotseka chifukwa cha kuzizira. Akazi anga anali kuchipinda akugoneka wamng'ono. Mwana wanga woyamba, amene nthawi imeneyo anali Sitandade 4, anali asanagone. Mwanayu njinga amaikonda kuposa ine, ndi amene amaipukuta Lamulungu lililonse. Atandiona ndi thumba anadzuka pamphasa.

"Ababa, ndikuunikireni?"

Ndinamupatsa foni. Ndinaika batire patebulo, iye n'kuwerama pafupi kuti aunike bwino. Ndinamasula kachitsekerero kamodzi kuti ndione ngati asidi watsika, ndipo kanatuluka ndi mluzu, psiii. Ndinamasulanso kachiwiri. Ndiye ndinafuna kudziwa ngati ladzaza. Pa siteji pathu, ndi m'magalaja ambiri omwe ndinakhalapo, njira yoyesera batire inali imodzi: umatenga kawaya, n'kugunditsa mbali ya pulasi ndi ya mainasi, moto ukathetheka kwambiri ndiye kuti lili ndi mphamvu. Ndinaonapo akuluakulu akuchita zimenezi kambirimbiri osachitika kanthu, chifukwa ankachitira panja, pa batire lozizira. Ndinatenga chidutswa cha waya m'bokosi la masipanala.

"Yandikitsa tochiyo," ndinatero.

Anayandikitsa, ndi nkhope yomwe.

Phokoso lake aneba anaganiza kuti ndi mfuti. Foni inagwa n'kuzima. Mumdimamo ndinamva kutentha m'manja ndi pachibwano, makutu akulira, kenako kukuwa kwa mwana. Kukuwa kumeneko sindikufuna kukufotokoza.

Amene anapulumutsa diso la mwana wanga ndi mayi ake. Anatuluka kuchipinda, sanafunse funso, anamunyamula n'kupita naye panja pomwe panali ndowa za madzi omwe anatunga kumjigo kuti agwiritse ntchito m'mawa. Anamugoneka chammbali pamiyendo pawo, n'kumutsegula chikope ndi zala iye akuphiriphitha, n'kuyamba kuthira ndi kapu. Aneba atafika aliyense anabwera ndi nzeru yake. Wina anati mkaka, wina anati mafuta ophikira, wina anathamangira mankhwala otsukira mano. Akazi anga anangoti, "Madzi! Bweretsani madzi!" Ndowa zathu zitatha, za aneba zinabwera. Anamuvula malaya omwe ananyowa ndi asidi, osasiya kuthira. Ine ndinaima pambali manja ndili nawo m'beseni, osatha kuchita kanthu.

Njinga yanga inali pomwepo pakhonde, koma manja anga sakanatha kugwira chiwongolero. Mnzanga wa pa siteji wokhala mzere wakuseri ndi amene ananyamula mayi ndi mwana kupita nawo kuchipatala, ine n'kutsatira pa njinga ya wina. Kumeneko anamwino anapitiriza kutsuka disolo ndi madzi a m'diripi kwa nthawi yaitali, n'kusoka pansi pa diso pomwe chidutswa cha pulasitiki chinacheka. Adokotala atamuona m'mawa anati disolo lipola, ndipo chomwe chathandiza ndi madzi omwe anathiridwa nthawi yomweyo kunyumba. Anati asidi akakhala m'diso mphindi zochepa chabe osatsukidwa angathe kusiya chilema chosatha.

Usiku womwewo, akulemba m'kabuku ka kuchipatala, namwino anandifunsa chomwe chachitika. Akazi anga anali pomwepo, mnzanga uja anali pakhomo. Pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Batire latsopano, ndangoligula lero. Laphulika lokha patebulo." Mwana anali chigonere pabedi, diso limodzi lomata. Linalo linandiyang'ana. Sananene kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse pambuyo pake.

Manja atayamba kupola ndinatolera zidutswa za batire m'thumba. Maganizo anga anali opita nazo ku Lilongwe kukafuna ndalama yanga, chifukwa bodza lija ndinali nditalinena kokwanira moti ndinayamba kulikhulupirira. Ndinaganiza zodzera kaye kwa madala ena, makaniko wakale amene ankakonza njinga za alangizi a zaulimi kalekale ife tisanayambe kabaza, kuti andipatse mawu oti ndikanene kushopu. Anakhuthulira zidutswazo pansi, n'kuzitembenuza ndi sikuludiraiva. Sanachedwe. Anatola chidutswa cha m'mbali, kachitsekerero kofiira kali chikhalire pamalo pake.

"Mwana wanga, aka munakasiyiranji?"

Ndinalibe yankho. Anafunsa komwe ndinatchajitsa, ndinanena. Anafunsa kuti muvi unali pati, ndinanena. Anaona kachizindikiro kakuda kosungunuka pa mutu wa pulasi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Munagunditsa waya."

Silinali funso. Ndinavomera, koyamba chichitikireni ngoziyo. Sanandikalipire. Anangoti kushopu ndisapiteko, ndikawalakwira anthu osalakwa, ndipo ndibweretse njingayo aione, chifukwa batire lakale lija silinafe lokha.

Anaikamo batire lawo loyesera, n'kutenga mita, kachipangizo kachikasu kokwana m'dzanja kokhala ndi mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Njinga ili chozima mita inawerenga 12.6V. Anandiuza kuti ndiilize n'kukoka mafuta pang'onopang'ono. Nambala zinakwera, 13, 14, 15, mpaka kupitirira 16V. Anati ndizimitse. Pansi pa mpando anandionetsa kabokosi kachitsulo ka mizeremizere komwe amakaniko amati rectifier. Injini ikamazungulira imapanga magetsi a AC, omwe amachuluka ukamakoka mafuta. Kabokosiko kamawasandutsa DC, mtundu womwe batire limalandira, n'kuwaletsa kupitirira muyezo wa pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Kanga kanali katasiya kuletsa. Tsiku lililonse ndikuyenda, batire lakale linkawira pansi panga mpaka kuuma, ndipo mababu ankapsa pa chifukwa chomwecho. Ngakhale latsopano lija ndikanalitchaja mwa dongosolo, likanafa m'miyezi yochepa. Mtengo wa rectifier sunkafika n'komwe pa wa batire, ndipo kuyeza konseko sikunathe mphindi 5.

Tinagulitsa mbuzi yomwe tinkasungira fizi kuti tigule rectifier ndi batire lina, la mtundu womwewo. Ulendo uno ndinalipereka kwa madala lili m'katoni, ndipo anati ndikhale pansi ndione.

Anagwirira ntchito panja, pansi pa mtengo, atavala magalasi, ndowa ya madzi ili pambali. Choyamba anachotsa kachitsekerero kofiira n'kukaponya kutali, n'kulowetsapo kapaipi. Anathira asidi chipinda ndi chipinda mpaka pamzere wam'mwamba, n'kuligwedeza pang'ono kuti mpweya wobisala pakati pa mapuleti utuluke. Kenako analisiya. Anapita kukakonza kabuleta ya munthu wina, anamwa tiyi, ine ndili chikhalire kuliyang'ana likutulutsa timathovu. Patatha ola asidi anali atatsika m'zipinda zina, ndipo anawonjezera kufikanso pamzere. Anati imeneyo ndi nthawi yomaliza batirelo kulawa asidi. Kuyambira pamenepo likatsika ndizithira madzi a batire okha, aja ogula m'botolo ku filing'i siteshoni, chifukwa chomwe chimauluka ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Madzi a pamjigo kapena pachitsime ali ndi mchere womwe umaononga mapuleti.

Ndinawafunsa chifukwa chake batire latsopano limafunanso kutchaja, poti likangothiridwa asidi limatha kuliza njinga. Anati n'zoona limaliza, koma limakhala lisanadzaze, ndipo ukaliyambitsa ntchito lili choncho silidzafikanso pa mphamvu yake yonse moyo wake wonse. "Zili ngati nyemba," anatero. "Ukasonkhezera moto wambiri kuti zipse msanga, kunsi zimapserera m'kati zili zaziwisi."

Tchaja yawo inalinso ya galimoto, koma anali ndi nzeru yomwe sindinaionepo kwina. Pa waya wofiira, pakati pa tchaja ndi batire, analumikizapo babu laling'ono la 12V 5W. Babulo silingadutsitse mphamvu yoposa pafupifupi 0.4A, choncho ngakhale tchaja ikhale yaikulu bwanji, batire limalandira pang'onopang'ono. Analumikiza mawaya ku batire kaye tchaja ili yozima, kenako n'kuyatsa pakhoma. Pochotsa anayamba kuzimitsa pakhoma, kuti pasathetheke moto pafupi ndi zipinda. Zitsekerero anangoziika pamwamba osamanga. Chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, ankalemba ndi choko pachitseko maola omwe latchaja, kuti akwane. Nthawi ndi nthawi ankalikhudza ndi kuseri kwa dzanja, ndipo silinapitirire kufunda. Atalichotsa analisiyanso lipume ola lina asanayeze, chifukwa batire longochoka pa tchaja limaonetsa nambala yokwera yomwe si yeniyeni. Mita inawerenga 12.7V.

Pomanga pa njinga anayamba ndi waya wofiira wa pulasi, n'kumalizira wakuda wa mainasi. Pomasula, anati, uziyamba ndi wakuda. Chifukwa chake n'chakuti thupi lonse la njinga ndi mainasi, ndiye sipanala ikakhudza felemu uku ukumanga pulasi, mainasi ali kale pamalo, moto umathetheka. Anayang'ana fyuzi, n'kupeza kuti mwini wake wakale anamangapo kawaya m'malo mwake, ndipo anaikapo yeniyeni. Mitu ya batire anaipaka girisi pang'ono kuti isachite dzimbiri loyera lija. Kapaipi anakadutsitsa kuloza pansi, kutali ndi tcheni, n'kuonetsetsa kuti sikanapindike. Zidutswa za lophulika lija anati ndisazisiye pomwe ana amasewera kapena kuzitaya kudzala, chifukwa mtovu ndi poizoni woononga ubongo wa mwana. Zinapita kwa ogula zitsulo zakale. Tebulo ndi simenti ya pabalaza tinatsuka ndi madzi osungunulamo soda, amene amapha mphamvu ya asidi.

Batire limenelo linandigwirira ntchito zaka ziwiri ndi miyezi, ndipo ngongole ya banki m'khonde tinaibweza, ngakhale mochedwa ndi chindapusa pamwamba.

Koma pa siteji nkhani sindinaisinthe. Madala si munthu woyenda ndi nkhani za anthu, ndipo mnyamata wotchaja uja ankaopa kuti anganenedwe, choncho anakhala chete. Ine ndinkaopa apongozi, ndinkaopa kuti makasitomala akamva kuti ndinavulaza mwana wanga ndi dzanja langa adzaleka kundipatsa ana awo kuti ndiwaperekeze kusukulu. Akazi anga anatola kawaya kaja pansi pa tebulo m'mawa wa tsiku lotsatira ngoziyo, nsonga zake zitasungunuka. Kwa anthu sananene. Kwa ine ananena kamodzi kokha, usiku ana atagona: "Bambo, anthu mungawauze zomwe mukufuna. Koma mwanayu anaona zonse, ndipo akuphunzira kwa inu kuti mwamuna akalakwa amatani." Ndinatembenukira kukhoma osayankha.

Chomwe chinandithyola chinachitika chaka chino. Mnyamata wina amene wangoyamba kumene kabaza anabwera pa siteji ndi batire lochokera kotchaja, likadali lotentha. Anakhala pa benchi, analiika pakati pa miyendo, n'kusolola kawaya m'thumba. Anzake awiri anawerama kuti aone moto. Ndinalumpha n'kumugwira dzanja mwamphamvu moti waya anagwa. Iye anaseka.

"Musaope, bigi. Langali ndagula pabwino, si lafeki ngati lanu lija."

Pamenepo ndinaona chomwe bodza langa linachita. Ngozi ya mwana wanga inkadziwika ndi wa kabaza aliyense m'dera lathu, ndipo ikanatha kuwaphunzitsa onse kuti waya ndi batire lotentha siziyandikana. M'malo mwake inawaphunzitsa kuopa shopu ina ya ku Lilongwe, n'kupitiriza kugunditsa waya mosatekeseka. Anyamata atatu amenewo akanatha kutaya maso ine ndikuona, chifukwa cha mawu omwe ndinanena kuti ndibise manyazi anga.

Ndinawauza pomwepo, onse amene analipo. Ndinanena za kachitsekerero kofiira, za muvi wa pa 10, za mnyamata amene anakana ine n'kumukakamiza, za waya. Ena anakhala chete, wina anati zinapita kale zimenezo, musadzivutitse. Mnzanga amene ananyamula mwana usiku uja sanandilankhule kwa masiku angapo, ndipo sindimudandaula. Madzulo a tsiku lomwe ndinaulula ndinakhala pansi ndi mwana wanga, amene tsopano ndi wamtali kufika paphewa langa, n'kumupepesa pa zinthu ziwiri, diso ndi bodza. Anati, "Ndinkadziwa, ababa." Kwa apongozi ndinapita ndi akazi anga Loweruka lotsatira. Diso la mwanayo limaona bwino, kungoti limatuluka misozi kukakhala fumbi kapena dzuwa lambiri, ndipo m'kalasi amakhala kutsogolo.

Pa siteji pathu tinasonkherana n'kugula mita imodzi, imasungidwa ndi tcheyamani, ndipo aliyense amabwereka. Anzanga a kabaza, kaya muli ku Dedza, ku Mchinji, ku Mangochi kapena kwina kulikonse, chitani chimodzimodzi. Sitata ikayamba kukana, yezani kaye njinga ili chozima ndiponso ikulira musanakatenge ngongole ya batire. Mukagula louma, chotsani kofiirako, dikirani, tchajani ndi moto wochepa panja, ndipo ana akhale kutali. Waya musagunditse. Ndipo asidi akagwera munthu m'maso, musafunefune mkaka kapena mafuta. Thirani madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 20, kenako thamangirani naye kuchipatala.